Kampopi ka Pansi pa Mpando

Malemu amuna anga anali kondakitala wa basi. Zambiri zimene ankalankhula zinali za mowa, koma ndinatolapo chenjezo limodzi. Ankati, "Esinala, munthu akakulipirira ulendo usathamangire kuthokoza. Yamba wamufunsa za pobwera, ndipo akamayankha uzimuyang'ana m'maso." Iwo anali ataona anthu ambiri pa depoti akukwezedwa basi ndi abale awo, ati akapume kumudzi masabata awiri, koma katundu ali wa munthu wosamuka.

Kuno ku Ireland ndatha zaka khumi ndi zinayi. Zisanu ndi chimodzi ndinazithera ku hositelo ya anthu odikira mapepala, chipinda chimodzi anthu anayi, ndipo sindinaberedwepo ngakhale sopo. Si mwayi ayi. Ine sindikhulupirira munthu. Mwana wanga weniweni, Tadala, amene amakhala ku Santry ndi mwamuna wake ndi adzukulu anga atatu, mpaka lero sadziwa pamene ndimaika pasipoti. Ndikunena izi kuti mukamawerenga za ulendo wanga wa ku Kerry musaganize kuti unagwera chitsiru.

Kwa zaka zinayi ndinkasamalira nkhalamba ina ya ku Crumlin mu mzinda wa Dublin, a Dessie. Ndinkagona konko, m'kachipinda kapamwamba kokhala ndi loko wakewake ndi kiyi mmodzi, amene ankakhala pakhosi panga. Chibadwireni ndinali ndisanakhalepo ndi chitseko changachanga.

A Dessie anali makaniko. Akadali ndi mphamvu ankayenda m'nyumba zazikulu za anthu amene chuma chinawathawa, n'kumagula magalimoto a mabwana amene anapangidwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe. Ena ankawapeza nkhuku zikuikiramo mazira. Ankawakonza zaka ndi zaka, kenako n'kugulitsa kwa anthu amene amaweta magalimoto oterewa ngati ng'ombe, osati kuti azikwera koma kuti aziwawerenga. M'shedi ya kuseri kwa nyumba nthawi ina munali asanu ndi awiri. Pamene ine ndinkafika inatsala imodzi, imene iwo anakana kugulitsa kwa aliyense. Inali yaitali, yobiriwira moderako, nyali zake ngati mabeseni, mipando ya chikopa, matabwa a m'kati owala ngati a kuguwa. Pakati pa dalaivala ndi okhala kumbuyo panali galasi lotsekeka, kuti bwana akamadya miseche wantchito asamve.

Galimotoyi inali ndi chinsinsi. Kale ku Crumlin kunali akuba magalimoto, ndiye a Dessie anaika kampopi pa paipi ya petulo, pansi pa mpando wakumbuyo, kuseri kwa kapeti. Ukakatseka injini imalira bwinobwino, galimoto n'kuyenda mpaka pa kona, kenako zii. Ankadziwa ndi akazi awo okha, ndipo anapita nacho kumanda. Ine sanandiuze munthu. Ndinkangoona kuti Lamlungu lililonse asanalize injini amayamba alowa kumbuyo ngati akufuna chipewa. Tsiku lina msana utawakana kuwerama, ndinapisa dzanja n'kukatsegula. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kuyambira pamenepo inakhala ntchito ya awiri. Iwo akagogoda boneti katatu ndi sipanala, ine ndili kumbuyo ngati dona, ndimawerama ngati ndikukonza nsapato n'kutsegula. Akavula kapu ya kumutu n'kuiika pa bondo, ndimatseka.

Mutu wawo unali utayamba kutha. Dzina la mwana wawo linkawathawa, ine ankanditcha Sisitala, ndipo kawiri konse anandinena kuti ndaba wotchi imene inali pa mkono pawo. Koma za galimoto sanaiwale ngakhale kamodzi. Kutuluka pakhomo ankakana. Ukafuna kupita nawo kwa dokotala ankagwira mphuthu ya chitseko ndi manja awiri.

Mwana wawo, Fintan, amakhala cha ku Citywest. Ankabwera kamodzi pa mwezi, wosekerera ngati wogulitsa inshuwalansi. Kangapo ndinamuona pa windo akulowa m'shedi bambo ake atagona, kuliza injini, injini n'kumufera m'manja. Iye anangotsimikiza kuti galimotoyo imamvera mwini wake yekha.

Tsiku lina anabwera ndi bokosi la mabisiketi. Anati ku Kerry kuli chionetsero cha magalimoto akale Loweruka, ndipo akufuna bambo ake akaonetse yawo komaliza. "Inunso mupite, Esinala. Zonse ndalipira kale."

"Tibwera liti?"

"Lamlungu madzulo," anatero, maso ali pa ketulo.

Ndinaona ndithu kuti maso ali pa ketulo. Koma ndikanatsala, mankhwala akanawapatsa ndani? Komanso chinthu chikamakonzedwa, ine ndimafuna ndikhale pomwepo ndizichiona.

Tinanyamuka hafu sikisi m'mawa. A Dessie anatuluka okha, atavala jekete ya ukwati ndi tayi, osagwira mphuthu. Anatsegula boneti, kusuzumira, kung'ung'udza, kenako go go go. Ine ndinakonza nsapato. Injini inalira mwaulemu ngati munthu wamkulu akutsokomola m'tchalitchi. Fintan anagwedeza mutu. Woyendetsa anali iyeyo, chifukwa laisensi ya bambo ake inalandidwa kalekale, koma magiya a galimoto zoterezi safuna munthu wa phuma. Akasintha giya zinkamveka ngati chigayo chimene mwagwera msomali. Galasi lapakati linali lotseka, ndiye ndinkangoona pakamwa pa a Dessie pakuyenda, nyuzipepala yopinda ikutera pa dzanja la mwana wawo.

Msewu waukulu tinaupewa titangodutsa Citywest, popeza ife liwiro lathu linali la njinga yamoto yotopa ndipo malole ankatiimbira mahutala. Ku Naas tinaima pa malo omwetsera petulo kudikira vani imene inayenera kutitsatira ndi zida, madzi ndi mafuta. Tinadikira pafupifupi ola. Fintan anandigulira tiyi ndisanapemphe, ndipo sindinamwe.

Vani itafika munatuluka bambo wamfupi wa mimba, akupukuta thukuta. Anangondiona n'kuyamba kuseka.

"Mwauka bwanji ambuya? Ndimwe a ku Malawi, ai? Naona chabe pa nkhope. Ine ndine Tembo, wa ku Chipata."

"Ambuya ako unawasiya ku Chipata komweko. Wachedwa kuti?"

"Ah, maloboti, amai."

"Maloboti Loweruka m'mawa?"

"Imwe a Malawi! Mafunso monga a pa boda. Munthu akupatsani moni, imwe mufuna pasipoti."

Ine ndinali kuyang'ana matayala akumbuyo a vani. Anali ataphwatalala. Masipanala ndi zigubu ziwiri sizilemera chotero.

Tinadutsa Newbridge, n'kulowa m'chigwa cha Curragh kumene nkhosa zimagona pamsewu ngati zinalipira msonkho. Ku Monasterevin galimoto inawira. Nthunzi inatuluka kutsogolo, tinaima pafupi ndi mlatho, a Dessie n'kulamula kuti pasapezeke wokhudza chotsekera cha madzi a injini mpaka chizizire. Anthu anasonkhana ndi mafoni. Mayi wina anagogoda pa windo langa n'kundipempha mwaulemu kuti nditsikeko pang'ono ajambule m'kati. Ndisanayankhe, bambo wina wa ndevu anati ayi, akhale momwemo, zikuoneka ngati m'masiku akale. Onse anaseka. Ine ndinakhalabe momwemo, chikwama pa miyendo. A Dessie anali panja akufotokozera gulu kumene anaipeza galimotoyo, m'khola la bambo wina amene anamwera famu yonse, ndi mmene anasokera chikopa cha mipando ndi manja awo. Sanaphonye liwu. Munthu amene dzulo lake anandifunsa kuti foloko ndi ya chiyani! Wina anafunsa ngati angaigulitse.

"Ndidzatulukamo ndili mtembo," anatero, gulu n'kuombera m'manja. Fintan anali pambali akulemba pa foni.

Ku Portlaoise tinafika cha m'ma leveni. Ndinapita ndi a Dessie kuchimbudzi cha olumala, ndipo thalauza linali litanyowa kale. Lina ndinali nalo, koma matawulo onyowetsa anandithera, ndiye ndinapita ku vani kukapempha madzi ndi nsanza. Tembo anatsegula chitseko chimodzi, kampata kongokwana dzanja, thupi lake atatchinga. Koma ine maso anga sapempha chilolezo. Ndinaona mkono wa mpando wofiirira wopsa ndi ndudu, mpando umene a Dessie amakhalapo tsiku lililonse. Pamwamba pake panali chithunzi cha akazi awo chokulungidwa m'tawulo la kubafa kwathu.

"Kuchionetsero amapita ndi mpando wa pa balaza?"

"Amai, ine nimanyamula chabe. Sinifunsa."

"Ndiye maloboti aja ndi amenewa. Unadikira tichoke kuti ulowe m'nyumba."

"Ananipatsa kiyi na maadiresi atatu. Vina siniziba. Tengani manzi aya, mudala azamvera mphepo."

Ndinawerenga mumtima. Adiresi yoyamba ndi ya wogula galimoto. Yachiwiri ndi ya nyumba yosungira okalamba. Yachitatu ndinati ndi ya ku Crumlin, kobweza kiyi. Chionetsero kunalibe. Galimoto inali nyambo yotulutsira nkhalamba m'nyumba, ndipo nkhalamba inali kiyi wolizira galimoto mpaka kwa wogula. Ine ndinali wopukuta.

Kodi ndinawauza a Dessie? Ayi. Ndinawaveka thalauza louma, kuwamanga lamba, kuwakonza tayi. Iwo anandisisita pa tsaya n'kunena kuti, "Lero tiwaonetsa, Sisitala."

Anadziwa okha. Titadutsa Mountrath, foni ya Fintan imene anaiika pa mpando pakati pawo inayaka. Sindinamve kanthu chifukwa cha galasi lija. Ndinangoona Fintan akuipapasa ndi dzanja limodzi kuti aizimitse, galimoto ikupita uku ndi uku, ndipo mawu a munthu wa mbali inayo ayenera kuti anali pa sipika. Khosi la a Dessie linauma. Sanakalipe, sanamenye ndi nyuzipepala. Tinayenda choncho mtunda ndithu. Kenako anakweza dzanja pang'onopang'ono, kuvula kapu, n'kuiika pa bondo.

Galimoto ikuyenda ndinali ndisanatsekepo. Ndinawerama n'kutseka.

Tinapitirira pang'ono, injini inatsokomola kawiri, n'kufera pa geti la munda wa ng'ombe, Roscrea ikuonekera patali. Mvula inayamba nthawi yomweyo, ya kuno ija yosagwa koma yongokhala m'mwamba n'kumakunyowetsa.

Tinakhala pamenepo maola awiri. Fintan anayamba ndi kunyengerera. Anatsegula boneti, kuika sipanala m'manja mwa bambo ake, kuwagwira pa phewa. Iwo anapinda manja. Chitseko chakutsogolo chinali chotsegula, ndiye ndinamva.

"Yatopa. Ikufuna kwawo."

"Adadi, anthu akutidikira kuchionetsero."

"Iwe ndiwe mwana wa ndani?"

Sindikudziwa ngati funsolo linali la matenda kapena la dala. Fintan anakapondaponda m'matope uko akulankhula pa foni. Mathirakitala ankadutsa n'kutithira madzi. Ng'ombe zinabwera pa geti kudzationera. Mlimi wina anaima, kuzungulira galimoto kawiri, kunena kuti agogo ake anaikidwa m'manda ndi yofanana nayo, n'kumapita. Njala inandigwira, koma masangweji anali m'vani ndipo ine pa mpando paja sindikanachoka.

Tembo anagona pansi pa galimoto pa katoni. Patapita nthawi anatuluka, nkhope ili mafuta okhaokha, n'kutsegula chitseko changa.

"Petulo siifika kutsogolo. Paipi yaloba pansi apa. Ambuya, sendezani nione."

"Mwendo wanga watupa."

"Kutupa bwanji? Ku Portlaoise munali kuyenda monga msilikali."

"Watupa pompano."

Anandiyang'ana, kenako anaseka chapansipansi. "Mwakhalira chani, amai?"

"Matako anga."

"Imwe muziba vinthu, imwe."

"Ukadziwa kuti ndikudziwa, tseka pakamwa. Ndiwe munthu wakuda mnzanga, tikulankhula chinenero chimodzi."

"Chinenero sichilipira lendi," anatero, n'kutseka chitseko bwinobwino kuti ndisanyowe. Ndinamuona akupita kwa Fintan, akuloza ndi chibwano.

Fintan analowa kumbuyo. Anatambasula kampando kopinda kamene kale pankakhala wantchito wa dona, n'kukhala moyang'anana nane, mawondo athu atatsala pang'ono kugundana. Anayesa galasi lapakati ndi chala kuona ngati latsekeka. Kuseri kwake kunali chogo cha bambo ake, imvi zitanyowa.

Analankhula motsitsa. Anati bedi ku nyumba ya okalamba alisunga mpaka sikisi koloko, likapita adikiranso miyezi. Anati wogula ananena poyera kuti akufuna galimoto yofika ndi miyendo yake kuchokera ku Dublin, osati yonyamulidwa. Anati bambo ake tsiku lina adzagwa pa masitepe ndipo mlandu udzakhala wanga. Zonsezi ndinangomva ngati mvula pa denga.

Kenako anati, "Nyumba ija sigulitsidwa msanga. Pali za maloya. Ikufunika munthu woisunga, chaka kapena kuposa. Chipinda chanu ndi chanu, popanda lendi, popanda wokusokonezani." Anaonjezera kuti, "Za wotchi zija adadi anandiuza kawiri. Ine sindinauze aliyense. Sindingafune kuti ofuna kukulembani ntchito mtsogolo azimve."

Uchi dzanja ili, chikwapu dzanja ilo. Ndinamuyang'ana m'maso ndipo ulendo uno sanathawitse. Anali maso oyera, otopa, a munthu wonena zoona.

Ndisaname kuti ndinalimbana nazo nthawi yaitali. Ndinaganiza za zaka zanga makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu. Ndinaganiza za kwa Tadala, zipinda ziwiri anthu asanu. Ndinadziuza kuti nkhalambayi pofika mawa idzakhala itaiwala, pamene ine ndidzakumbukira bwinobwino kumene ndagona. Ndinawerama n'kutsegula. Panalibe wogogoda boneti.

Fintan anatuluka, kukhala pa chiwongolero, kudikira pang'ono monga ndinamuuzira, n'kudina batani. Injini inalira.

A Dessie anatembenuka. Kutembenuka kunkawavuta chifukwa cha msana, ndiye anachita kugwira mpando ndi manja awiri mpaka nkhope yawo inafika pa galasi. Anandiyang'ana. Sanali maso a munthu wosokonezeka mutu. Milomo inayenda, mawu anayi kapena asanu, mpweya wawo n'kuchita nkhungu pa galasipo. Chogwirira cha galasilo chinali pafupi ndi dzanja langa. Sindinatsegule.

Tisananyamuke Fintan anabweranso kumbuyo, kundipempha kuti ndikweze kapeti, n'kujambula kampopi kaja pa foni, zithunzi zitatu.

Kuchokera apo msewu unatha msanga, kapena ine ndi amene sindinkaonanso. Nenagh, Limerick ndi milatho yake, kenako Adare kumene tinakwawa mumzere wa magalimoto theka la ola, alendo akutijambula ndi kutibayibitsa. A Dessie anavulanso kapu n'kuiika pa bondo. Anaivala, n'kuivulanso. Anachita zimenezi mpaka ku Newcastle West, ine ndikuyang'ana panja. Kumeneko tinaima kuti amwe mankhwala a madzulo, koma anakukuta mano. Nditafuna kuwagwira chibwano monga mwa masiku onse, anabweza mutu ngati ndanyamula moto. Tchipisi chimene Fintan anagula anadya Tembo.

Kwa wogula tinafika cha m'ma faifi, kupitirira Abbeyfeale, kumapeto kwa kamsewu ka mitengo. Garaja yake inali ndi kapeti pansi ndi zotenthetsera m'makoma. Ku hositelo kuja tinkagona titavala majekete, koma kuno magalimoto khumi ndi awiri anali pa mzere akumva kufunda. Mwini wake anali bambo waulemu kwambiri. Anavala magolovesi oyera asanakhudze chitseko. Anaizungulira galimoto yathu, kununkhiza chikopa, kugwada kuona pansi. Fintan atamuonetsa zithunzi za kampopi anaseka mpaka kugwira m'mimba, n'kunena kuti Lolemba amuuza makaniko wake akachotse, galimoto yotere siyenera kukhala ndi zoikamo za m'mudzi. Bamboyo anawagwira chanza a Dessie kudzera pa windo, maso ake ali pa nyali.

Tsono nkhalamba inakana kutsika. Inakoleka dzanja pa lamba wachikopa wa pa chitseko. Fintan anakoka, Tembo anakoka, wogula n'kumati chonde, chonde, samalani chikopacho. Onse atatu anatembenukira kwa ine. Pa ntchito yathu timadziwa pamene umadina pa mkono kuti zala zimasuke zokha popanda kusiya chipsera. Ndinadina. Anawanyamula ngati thumba n'kukawakhazika kutsogolo kwa vani, pakati pa ine ndi Tembo. Fintan anatsatira pa galimoto wamba ya wogula uja.

Nyumba ya okalamba inali mphindi makumi awiri kuchokera apo, pakati pa minda, kutali ndi aliyense amene anawadziwapo a Dessie. Kunatuluka anamwino awiri ndi njinga ya olumala, akumwetulira, akuwaitana dzina loyamba ngati anakulira limodzi. Ndinapereka mankhwala ndi pepala la nthawi zake. Ndinanena kuti tiyi amamwa wopanda shuga ndipo sakonda kuzimitsiridwa nyali. Mmodzi anati zonse aziona. Polowa nawo sanatembenuke.

Tembo anatsegula zitseko zonse ziwiri za vani. Anatsitsa mpando, masutikesi awiri, chithunzi chija. Kuseri kwake, kumene m'mawa sindinathe kuona, kunali matumba anayi akuda a zinyalala, omanga pakamwa. Limodzi linali litang'ambika, ndipo panatulukira mkono wa bulauzi yanga yoyera ya kumvano. Pambali pake panali poto wanga, Baibulo ali m'kati mwake, ndi masilipasi anga.

Ndinaima pamenepo kiyi ali pakhosi.

Fintan anatuluka akupinda mapepala. Sanadikire kuti ndifunse. Anati loko wa nyumba wasinthidwa masana ano, ogulitsa nyumba abwera Lolemba kudzajambula, ndipo Tembo akanditula ku Santry.

"Munati chaka."

"Ndinayenera kunena chinachake, Esinala. Tinali pamvula." Anayang'ana wotchi. "Musadandaule, mwana wanu akukudikirani. Ndinalankhula naye Lachiwiri."

Lachiwiri. Lachitatu lake Tadala anandiimbira foni kundifunsa mmene amaphikira thobwa, tinaseka, ndipo anandiuza kuti ndikayende bwino ku Kerry ndikajambule zithunzi.

Pobwera tinadzera msewu waukulu, dzuwa la chilimwe likukana kulowa. Mtunda umene unatitengera tsiku lonse vani inaumeza ngati madzi. Titafika ku Limerick ndinatembenukira kwa Tembo. Ndinati, "Unathyola chitseko changa. Unanyamula zovala zanga zam'kati ndi manja akowo, n'kubwera kudzanditcha ambuya."

"Loko anathyola ni mkazi wa bwana, amai. Ine nenze chabe kugwira matumba."

"Ndipo tsiku lonse unkandiyang'ana."

"Nili na bana atatu. Sembe nakana, sembe anaitana wina. Koma poto nainyamula bwino, siinaphwanyike."

Pa geti lolipiritsa msewu pafupi ndi Portlaoise anapapasa m'matumba, n'kundifunsa ngati ndili ndi tchenji. Ndinamupatsa. Pa ulendo wonsewo ndi pokhapo pamene ndinalipira.

Tsopano ndili ku Santry. Ndimagona pa bedi lapansi m'chipinda cha adzukulu, chitseko chake chilibe loko, ndipo ndikawalankhula amandiyankha m'Chingerezi maso ali pa foni. Tadala akuti anakhala chete kuti ndisade nkhawa pa ulendo. Ndinamuyankha kuti wachita bwino. Matumba awiri sindinamasulebe.

Ku nyumba ya okalamba kuja ndaimbako kawiri. Koyamba anati a Dessie ali bwino, akugona. Kachiwiri anati ali bwino kwambiri, angogona kumene. Mawu amenewo ndimawadziwa. Inenso ndinkawanena kwa Fintan akaimba, nkhalamba ili pambali panga ikulira. Kupitako ndi mabasi atatu, ndipo ndikafika ndikanena chiyani kwa munthu amene mwina wandiiwala, mwina sanandiiwale?

Sabata yatha mkamwini wanga anabwera kuchokera ku ntchito ali wansangala. Anati, "Amayi, mwakhalitsa m'nyumba. Loweruka likubwerali tikutengeni mukapitidwe mphepo ku Wicklow, kuli malo okongola." Tadala anali pa sinki, sanatembenuke. Ndinati miyendo ikupweteka. Anati palibe vuto, tidikira ichire.

Ndiye inu a kumvano, ndi inu tinkagona limodzi ku hositelo, ndi aliyense amene wawerenga izi n'kundizindikira, nyumba mukuidziwa. Muzidzandiona. Musaimbe foni, foni amayankha aliyense. Bwerani ndi miyendo, gogodani, nenani kuti mukufuna mayi Esinala muwaone ndi maso. Musabwere tsiku lodziwika, ndipo musanyamule kanthu, sindidya za eni. Akakuuzani kuti ndapita koyenda, funsani dzina la malowo ndi tsiku lobwera. Akakuuzani kuti ndagona, khalani pansi mudikire. Ine masana sindigona.